Chikwatu Chofuna Mpeni

A Frazer a ku Lirangwe mfutso ankaudziwira m'mbale basi. Unkawapeza utatenderedwa kale, nsinjiro zitagwira bwino, iwo n'kusamba m'manja, kudya, kupukuta pakamwa, kenako n'kunena kuti mchere unachepa pang'ono. Zoti masambawo amayenda bwanji kuchoka m'munda mpaka kufika m'mbalemo, imeneyo inali nkhani ya akazi awo, a Getrude. Ndipo musawaseke ayi, amuna ambiri a msinkhu wawo ndi momwemo. Ukawafunsa kuti chitambe ndi khwanya zimasiyana pati amangokanda m'mutu, koma pa kudya amatsogola.

A Getrude ndiye mudzi wonse unkadziwa kuti pa zofutsa palibe wowaposa. Mvula ikamapita kumapeto, masamba ali mbwee m'minda moti ena akungowaponda, iwo ankakhala ali kalikiliki: kuthyola chitambe, kusadzula nkhwani, kuwiritsa pang'ono kuti angofota, kuyanika pa mkeka, kenako kukulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi mpaka chikhale chobulungira ngati dzungu. Chikwatu ndi chimenecho. Ankazipachika ku phaso la kukhitchini komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Dzuwa la Okutobala likafika, lija limaotcha Lirangwe mpaka mbuzi kumadya makatoni pa msika, anzawo akuzungulira kusaka ndiwo, iwo ankangotsitsa chikwatu chimodzi. Zina ankatumiza ku Chileka kwa mwana wawo Eunice, chaka ndi chaka osaphonya.

Kenako maso anayamba kuthawa. A kuchipatala ku Blantyre atawaunika anati iyi si ng'ala yoti n'kupala ayi, ndi matenda a mkati mwa diso, zomwe zapita zapita, mankhwala odonthezawo ndi ongoteteza kotsalako. Kotsalakonso kanali kochepa. Ankasiyanitsa usana ndi usiku, khomo ndi khoma, basi. Koma ntchito sanasiye, poti manja ankadziwa njira yawo.

Zikwatu za chaka chathachi ndi zomwe zinawaulula. Eunice atatsegula chimodzi anapeza chuku chayera pakati. M'china munali zitosi za nkhuku, zitauma bwinobwino limodzi ndi nkhwani. Pa foni sananene kanthu. Koma atabwera pa Khirisimasi n'kupeza amayi ake ali ndi bala pa dzanja, atapsa ndi madzi a pamoto, nkhani ija anaitula.

Eunice sanali mwana woipa, tisamunamizire. Anayankhula atagwada, mawu ali pansi. Anati akatha kukolola adzawatenga amayi akakhale nawo ku Chileka. Chipinda chilipo, ntchito yake yophika jamu ndi ya pakhomo pomwepo moti azikawaona tsiku lonse, chipatalanso chili pafupi. Nanga ababa? Ababa atsale, azisunga nyumba ndi mbuzi, chifukwa nyumba ikakhala yopanda munthu chiswe ndi akuba sizichedwa. Komanso munthu wamkulu kukakhala m'nyumba ya mkamwini wake, kumakumana naye pakhomo la bafa m'mawa uliwonse, anthu angati chiyani? Azidzabwera kudzawaona mwezi ukatha.

Mwezi ukatha! Chifikireni pamudzi paja kudzakwatira, ndevu zisanamere bwino, a Frazer anali asanagonepo kutali ndi a Getrude kupatula pa maliro. Koma iwonso anali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini ali ndi pakamwa pa nkhani ya mbumba ya eni? Angamere imvi, angamange nyumba ya malata, nkhani ikafika pa mkazi ndi ana ake amangouzidwa zomwe zapanganidwa. Anayang'ana akazi awo kuti mwina akana okha. A Getrude anangoti chete, akusisita bala lija ndi chala. Kukhala chete kumeneko kunawapweteka a Frazer kuposa mawu onse a Eunice. Anaganiza kuti kapena mayiyu watopa nawo, akufuna akapume kwa mwana wake komwe kuli magetsi ndi madzi a pampopi.

Ndiye anangotulutsa mawu omwe anabwera pakamwa. Anati tione kaye mfutso wa chaka chino. Ukatuluka bwino ndiye kuti mayiyu pakhomo pake akukwanitsa, asiyidwe. Ukaonongeka, iwo sadzatsutsanso. Eunice anavomera msangamsanga, poti ankadziwa kale mmene zidzathere.

Malichi atafika, a Getrude anayamba ntchito yawo monga mwa chaka chilichonse, a Frazer ali pakhonde ndi wailesi, koma diso lili ku mkeka. Masamba odyedwa, ena mbozi ili pomwepo, ankalowa mumphika limodzi ndi abwino. Nkhuku zija, zomwe kale zinkathawa zikangomva chifuwa cha a Getrude, zinali zitazindikira kuti mwini wake saona. Zinkayenda pa mkeka mwaulemu ngati zikupita ku mgonero. Mthunzi wa bwemba ukasuntha n'kuphimba theka la mkeka, iwo sankadziwa. Madzulo ankagwira mbali youma, kukhutira, n'kukulunga zonse pamodzi, zouma ndi za chinyezi zomwe. Chuku chimayambira pamenepo.

Kuwauza kunali kosatheka. Anayesapo kamodzi, kungoti pali katsamba koipa apo, a Getrude anaika lichero pansi, kulowa m'nyumba, osatulukanso mpaka dzuwa kupendeka. Atatuluka maso anali ofiira. A Frazer analumbira mumtima kuti sadzabwerezanso. Nkhuku anayamba kumazithamangitsa ndi timiyala, osatsegula pakamwa kuopa kumveka. Mkeka ankaukoka pang'onopang'ono kuuchotsa pa mthunzi akazi awo akapita kuseri. Koma zomwe zinali zitalowa kale m'zikwatu zinkawasowetsa mtendere.

Mwayi unali Lachinayi. Tsiku limeneli amayi anzawo a Mvano ankadzawatenga a Getrude masana, kuwagwira dzanja mpaka kutchalitchi. Akangokhota pa mjigo, a Frazer ankakwera pa mpando, kutsitsa chikwatu n'kumasula. Luzi la akazi awo silinkavuta: ukangokoka nsonga imodzi, lonse linkamasuka lokha. Iwo sanaime kuti adzifunse chifukwa chake. Ankakhuthulira mfutso pa lichero, kuvala magalasi awo owerengera Baibulo, n'kuyamba kusankha tsamba limodzilimodzi. Zoipa ankakazikwirira kudzala. Zotsalazo ankaziyanikanso pa dzuwa, kuzikulunganso n'kumanga. Ndipo pomangapo ankamanga monga munthu amene moyo wake wonse wakhala akumanga matumba a chimanga pa njinga ndi mbuzi pa chikhomo: kuzunguliza, kupingasa, kukoka ndi mano, mfundo pamwamba pa mfundo, yoti ngakhale chikwatucho chitagwa pa lole sichingamasuke. Akamaliza ankachiyang'ana n'kudziyamikira okha kuti ntchito ndi imeneyi.

Vuto linali loti ukachotsa zoipa chikwatu chimaphwa, ndipo chikwatu chophwa ngakhale wosaona amachizindikira. Pankafunika mfutso wina wodzazira. Ndiye kuti anayenera kufutsa okha, ndipo apa ndi pomwe anawapezerera a Hanifa.

A Hanifa anali a nyumba yoyandikana nayo. Anakulira limodzi ndi a Getrude, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, koma moto ankapalana, mchere ankapemphana, moti a Frazer ankawatchula kuti alamu. Tsiku limenelo anabwera kudzabwereka sefa, n'kupeza mkulu uja wagwada pa mafuwa, utsi uli m'maso, akutakasa chitambe chomwe chinali chitapsa mpaka kusanduka phala. Mayi anaseka mpaka kukhala pansi. Anafunsa ngati uku ndi kufutsa kapena akuphikira ana agalu. A Frazer, manyazi atawagwira, anafotokoza zonse, kuyambira zitosi zomwe zinakafika ku Chileka mpaka chipinda chomwe chikudikira kumeneko. Kuseka kuja kunathera pomwepo. A Hanifa anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kutaya phala lija, n'kuwatuma kumunda kukathyola chitambe china.

Anawaphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Madzi ayambe awira, muthiremo kamchere, masamba alowe, akangosintha mtundu atuluke. Poyanika muzimwaza, osaunjika. Pofuna kudziwa ngati auma muzifikisa m'manja: louma limafumbutuka, la chinyezi limangopindika. Analonjeza kuti nkhaniyi ifera mwa iwo. Koma atanyamula sefa yawo anatembenuka pa mpanda.

"Alamu, akazi anuwo maso okha ndi omwe anapita. Mutu ulipo."

A Frazer anayankha kuti akusamala kwambiri, palibe chomwe angadziwe. A Hanifa anangopukusa mutu n'kumapita.

Panalinso nkhani ya masamba a msuku. Ukamasula chikwatu chomwe chakhalitsa pa utsi, ena amathyoka, ndiye pamafunika atsopano. Misuku ya pafupi inatha kalekale ndi makala, moti a Frazer ankapalasa njinga mpaka kumapiri, n'kubwera ndi mtolo wa masamba pa kaliyala. Njira yake inkadutsa pa golosale pomwe anzawo amasewera bawo. Amuna a pa bawo mumawadziwa, ntchito yawo ndi pakamwa. Wina anafunsa ngati ayamba using'anga. Wina anati ayi, mkuluyu anadyetsedwa khuzumule, posachedwa timuona akusinja. A Frazer anawayankha kuti ngati ndi khuzumule ndiye ndi waulesi, wadikira mpaka imvi kuti ayambe kugwira ntchito. Anaseka nawo, koma popalasa kupita kunyumba mtima unali wolemera, chifukwa chimanga m'minda chinali chitayamba kuuma, nthawi yokolola yomwe ananena Eunice ija itayandikira.

Panali tinthu tina tomwe akanatha kutiona, koma wakuba amangoyang'ana kumsewu. A Getrude anayamba kuchedwa ku Mvano, ati nyimbo zophunzira zachuluka. Lachinayi m'mawa asananyamuke ankayankhula okha, nkhope italoza ku nkhuku, kuti nkhwani safuna kufinya kwambiri, amatha kukoma. Tsiku lina ankati kamphepo aka ndi ka chiperoni, wanzeru sangayanike kanthu panja lero. A Frazer ankamva chisoni kuti ukalamba wayamba kuwayankhulitsa okha akazi awo, koma malangizowo ankawatola ndithu. Dzuwa likamalowa, monga ankachitira kuyambira kale, a Getrude ankalowa kukhitchini, kukweza manja n'kupapasa zikwatu zawo chimodzichimodzi. A Frazer ankaima pakhomo mtima uli m'mwamba. Manja aja ankachedwa pa chikwatu chilichonse, kenako ankatsika, mayi n'kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola.

Atatha kukolola, Eunice anaimba foni kuti abwere onse ku Chileka ndi zikwatuzo, ndipo amayi atengeretu zovala kuti zinthu zikavuta asachite kubwereranso. A Getrude anatenga kachikwama kakang'ono, kuikamo chitenje chimodzi ndi mankhwala a m'maso, basi. A Frazer anaona, koma sanalimbe mtima kufunsa. Anakwera minibasi mpaka pa Kameza, kenako ina ya ku Chileka. Kondakitala ankafuna kuponya thumba la zikwatu kumbuyo, pansi pa matumba a mbatata, iwo anakana kwamtuwagalu. Analifungatira pa miyendo njira yonse.

Eunice ankakhala chakufupi ndi bwalo la ndege, komwe mwamuna wake Kingsley ankagwira ntchito ya ulonda. Tsikulo Kingsley anali ku ntchito. Makolowo anapeza khonde lonse likununkhira magwafa. Inali nyengo yake, magwafa akugwa okha n'kumaolera pansi m'midzi, ndiye Eunice ankawagula m'madengu, kuwaphika, kusefa nthanga, n'kuwaphikanso ndi shuga ndi madzi a mandimu mpaka agwirane. Mabotolo ankayamba wawawiritsa m'chisefuliya pa mbaula, kuthiramo jamu akadali wotentha, kutseka, n'kuwiritsanso botolo lonse. Akazizira ankadina chivindikiro ndi chala. Chikakhala cholowa mkati, chosalira, ndiye kuti chagwira, jamu ameneyo afika Khirisimasi. Chikalira, ameneyo ndi wodya sabata yomweyo. Pa shelefu panali mabotolo a tomato ndi a achali wa mango a Disembala, atandanda bwino. A Frazer poona zimenezi anazindikira kuti mwanayu ndi amake enieni, kusiyana kwake botolo ndi tsamba basi. Onse awiri sankapirira kuona chakudya chikuola.

Eunice anawaonetsa chipinda chija. Munali matilesi atsopano ndi neti, makatoni a mabotolo atawakankhira pa ngodya. Kuchoka pakhomo kukafika kuchimbudzi anali atamanga chingwe choti amayi ake azigwira poyenda. Chingwe chimenechi chinawalasa mtima a Frazer. Mwanayu anali ataganiza zonse, ndipo anaziganiza mwachikondi. Kwa nthawi yoyamba anadzifunsa ngati sakuwamana mpumulo akazi awo chifukwa cha mantha awo okha, mantha ogona m'nyumba yopanda wina wotsokomola.

Atamwa tiyi, Eunice anayala mkeka pakhonde n'kutulutsa chikwatu chimodzi m'thumba. Anachiika pa lichero, kufufuza nsonga ya luzi n'kukoka, monga ankachitira kuyambira ali kamtsikana. Luzi silinasunthe. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano, koma ayi ndithu. Anatenga chikwatu china, chimodzimodzi. Anayamba kuseka, kenako kusekako kunazima.

"Amayi, chibadwire changa sindinaonepo chikwatu chanu chofuna mpeni."

Ndipo ankanena zoona. Chikwatu sichitsegulidwa kamodzi ayi. Lero utapa dzanja limodzi n'kutseka, mkuja utapanso, mpaka mvula idzagwe. Ndiye chifukwa chake amayi amamanga mfundo yosolola, yomasuka ndi dzanja limodzi linalo lili pa mthiko. Mwana wamkazi aliyense wa kumudzi amadziwa zimenezi. Wosadziwa ndi mwamuna yekha womanga mbuzi.

Eunice anatembenuza chikwatu chija n'kuyang'anitsitsa mfundoyo. Ankaidziwa bwino. Inkakhala pa katundu wake yense akamapita ku sekondale, anzake n'kumamuseka akulimbana nayo mpaka kubwereka lezala. Anakweza maso n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, mwamanga ndinu."

A Frazer anali atakhala pa mpando, chipewa chili pa bondo. Anafunafuna bodza, silinapezeke. Ndiye anavomera zonse: za Lachinayi, za magalasi, za phala la chitambe, za maulendo a kumapiri. Ankayankhula akuyang'ana pansi, osayerekeza kutembenukira komwe kunali akazi awo, chifukwa ankadziwa kuti mawu aliwonse akuwauza mayiyo kuti ntchito ya manja awo inali yoonongeka.

Eunice sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayankhula mofatsa kuti ababa, mwaona nokha, zomwe mwachitazi ndi umboni woti amayi sakukwanitsa. Pangano linali la mfutso wa amayi, osati wanu. Inunso mwakula, lero mukukwera pa mipando kutsitsa zikwatu, mawa mukagwa adzatola mnzake ndani? Mwanayo sankanama pa chilichonse. A Frazer anayang'ana thumba lija lomwe analifungatira kuchokera ku Lirangwe, n'kuona kuti ntchito yonse ija yawagwetsa ndi manja awo omwe. Ndege ina inadutsa pamwamba ikukatera, malata n'kunjenjemera, onse n'kudikira kuti phokoso lithe.

Litatha, a Getrude anatambasula manja n'kunena kuti awapatse chikwatucho. Anachiika pa miyendo. Zala zawo sizinachite kufufuza, zinangopita molunjika pa mfundo paja.

"Iwe Eunice, ukuyesa ndadziwa lero? Ndinadziwa Lachinayi loyamba lomwelo. Ndinakweza manja kukhitchini, ndinapeza chikwatu changa chamangidwa ngati mbuzi yopita ku msika."

A Frazer anakumbukira nkhuku zija zinkalangizidwa za chiperoni m'mawa uliwonse wa Lachinayi.

A Getrude anapitiriza, mawu awo osakwera. Anati pa Khirisimasi paja anakhala chete chifukwa mumtima anali atavomera kale kubwera ku Chileka. Sichinali chifukwa cha magetsi kapena madzi a pampopi ayi. Ankaona kuti asanduka katundu. Munthu wa eni ake anasiya kwawo ali mnyamata, walima minda ya eni mpaka msana kupindika, ndiye ukalamba wake authere kutsogolera wakhungu kuchimbudzi? Anati bola achoke, mkuluyu apume. Komabe tsiku lija anadikira kuti mwina amva liwu limodzi lokha loti musapite. M'malo mwake anamva za mfutso. Ndiye anati basi, n'chimodzimodzi mmene ndimaganizira, munthuyu akudandaula ndiwo.

"Kenako ndinapeza mfundo iyi. Sabata inayo ndinapeza ina. Bambo akowa pakamwa ndi polemera, zaka zonsezi chomwe amadziwa kunena n'choti mchere wachepa. Sanandiuzepo kuti amandifuna pakhomo paja. Koma tsiku lililonse ndinkalowa kukhitchini kukamva ndi manja. Ndikanatha kudula n'kumanganso bwino, iwe sukanadziwa kanthu. Sindinafune."

Anakankhira chikwatu chija kwa mwana wawo.

"Mfutsowu ndi wa anthu awiri, ndipo kuyambira pano uzikhala wa anthu awiri. Tenga mpeni utsegule. Ukaupeza woipa, nditsala konkuno."

Eunice anakatenga mpeni wosendera magwafa n'kudula luzi pambali pa mfundo. Masamba a msuku anatseguka, fungo la dzuwa ndi utsi wa ku Lirangwe n'kukwera pakhonde ponse mpaka kuphimba la jamu. Anapisa dzanja mpaka pakati penipeni pomwe chuku chimabisala. Anatapa, kufikisa, mfutso unafumbutuka. Anakhuthulira wonse pa lichero n'kuusanthula ndi diso lomwe amayendera nalo mabotolo ake, lija silikhululuka ngakhale kamng'alu. Anadula chachiwiri, n'kuchita chimodzimodzi. Sanapeze mchenga, sanapeze mbozi, nthenga ya nkhuku ngakhale imodzi. Anakhala kanthawi atawerama pa lichero paja, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nanena kuti utsi wa mbaula ukumuvuta.

Atayankhula anayankhula ngati mwana wa amake, molamula. Anati zikwatu zitsike, zizipachikidwa poti munthu afikire ataima pansi, za mipando zithe. Mphika wa madzi owira amayi asaugwirenso, imeneyo ndi ntchito ya ababa tsopano, poti aphunzira. Chingwe chija achimasula apite nacho, ndipo akamange ndi ababa, popeza zomanga zosamasuka ndiye amazitha. Chipinda chikhala chomwecho, matilesi sawabweza. Tsiku likadzafika loti zavutadi adzabwere onse awiri, a Kingsley ayankhula nawo yekha, ndipo anthu ofuna kunena adzanene mpaka atope.

A Frazer nthawi yonseyi anali akupotokola chipewa chawo. Chimwemwe chinali chitawadzaza, koma manyazi nawo anali pomwepo, poti anaona kuti mkazi wawo anatsala pang'ono kuchoka chifukwa cha mawu omwe iwo anawaumira. Anatsokomola, kuyang'ana ku mpanda, kutsokomolanso.

"Amake Eunice, pakhomo paja popanda inu ine sindingathe. Musapite."

"Mwachedwa nawo mawuwo," anatero a Getrude, "koma afika."

Eunice anadzuka msanga n'kuyamba kulongedza mabotolo a jamu ndi a tomato m'katoni yoti makolo ake atenge, akudina chivindikiro chilichonse ndi chala ngakhale anali atadina kale. Kenako anatenga tsache kuti asese zinyenyeswa za masamba ndi zidutswa za luzi akaponye pa mbaula. A Getrude atamva tsache likulira anamuimitsa. Anapapasa pa mkeka mpaka anapeza kachidutswa kaja kokhala ndi mfundo, kolimba ngati nthanga ya bwemba. Anakaika pa nsonga ya chitenje chawo, paja amayi amasungapo zinthu zoti zisatayike, n'kukulunga. Pomanga sanamange yosolola ayi. Anazunguliza, kupingasa, n'kukoka ndi mano, mfundo pamwamba pa mfundo.